Funsani Dokotala: Mphete anachita kuidula, koma nambala ya kulabu akuti ndi yochepa

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 41. Mphete yanga yaukwati anachita kuidula, nsapato ndachoka pa size 6 kufika pa 8, mutu ndiye Brufen tsiku ndi tsiku. Kulabu IGF-1 yanga yatuluka yokwera pang'ono chabe, pomwe mnyamata wina wa zaka 25 yemwe tinali naye pamzere yake inali pamwamba kutali. Abambo akunyumba akuti ndangonenepa. Ndingozisiya eti?

Yankho: Ayi mayi, musazisiye. Ndikudziwa mukufuna ndikuuzeni kuti m'mutumo mulibe kanthu, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi acromegaly, matenda omwe kachotupa ka pa pituitary, kachiwalo kopanga mahomoni kuseri kwa mphuno pansi pa ubongo, kamatulutsa growth hormone (mahomoni okulitsa thupi) yambiri ndiye chiwindi chimapanga IGF-1 yambirinso, mahomoni ena omwe anakuyezani kulabu aja. Nthawi zambiri si khansa, mtima ukhale pansi.

Koma zoyerekeza nambala yanu ndi ya mnyamatayo ndiye zolakwika kwambiri. IGF-1 imakwera pa msinkhu wa kutha msinkhu kenako imatsika chaka ndi chaka, ndiye mulingo wa munthu wa zaka 25 si wanu ayi, labu imayeza potengera zaka zanu. Achinyamata odwala matendawa kawirikawiri amakhalanso ndi zotupa zazikulu ndi mahomoni okwera kwambiri. Kwa amayi palinso china, estrogen (mahomoni achikazi) imachepetsa IGF-1 yomwe chiwindi chimapanga, makamaka ngati mukumwa mapilitsi akulera okhala ndi estrogen, moti growth hormone itha kukhala pamwamba pomwe IGF-1 ikuoneka ngati yofatsa. "Pang'ono chabe" wanuyo atha kubisa matenda enieni. Ndipo kunenepa kawirikawiri sikukulitsa phazi ndi ma size awiri, abambowo muwauze choncho.

Za Brufen wa tsiku lililonseyu sindikusangalala nazo, amaononga m'mimba ndi impso komanso amakweza BP, pomwe matendawa paokha amabweretsa kale BP ndi shuga. Anthu ambiri amatha zaka akumwa mapanado osadziwa chomwe chikuwawitsa mutu, poti nkhope imasintha pang'onopang'ono ndipo a m'nyumba saona.

Sabata ino bwererani kwa dokotala yemwe anakutumani kulabu, mupemphe akutumizeni ku chipatala chachikulu ngati Queens kapena Kamuzu Central. Tengani mapilitsi onse omwe mukumwa, zithunzi zanu zakale za ukwati zija, ndipo munene ngati msambo wasintha, mukuchita mkonono, thukuta lachuluka kapena mano ayamba kutalikirana. Pali mayeso omwetsa madzi a shuga wa magalamu 75 kuti aone ngati growth hormone ikutsika, kenako MRI, makina ojambula mkati mwa mutu. Chotupacho nthawi zambiri amachichotsa podzera m'mphuno, osatsegula mutu. Mukaona kuti m'mbali simukuona bwino, kapena mutu wabwera mwadzidzidzi moopsa ndi kusanza, musadikire tsiku la appointment, pitani tsiku lomwelo.