Kodi uinjiniya wa zamagetsi ndi kulumikiza mawaya basi?

Funso: Ndili mu Fomu 4 ndipo ndikufuna kudzaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku yunivesite, koma amalume akuti ndingopita kusukulu ya ntchito zamanja popeza ntchitoyi ndi yolumikiza mawaya m'nyumba. Kodi akunena zoona? Mtsikana wa ku Dedza.

Yankho: Amalume anu asakaniza ntchito ziwiri, ngakhale kuti zonse ndi zofunika. Woika mawaya m'nyumba amaphunzira luso lake m'masukulu a ntchito zamanja, pamene injiniya amawerengetsa ndi kukonza mapulani a momwe magetsi opangidwa ndi EGENCO pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mumtsinje wa Shire angayendere mtunda wautali pa nthambo za ESCOM, kutsitsidwa mphamvu mu thiransifoma, mpaka kufika pa soketi ya kwanu ali mavoti 230.

Maphunziro a uinjiniyawa amaperekedwa ku yunivesite ya MUBAS mumzinda wa Blantyre, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, ndipo bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndilo limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira potengera zotsatira za MSCE.

Chimene ndingakuchenjezeni ndi masamu. Ambiri amapita akuganiza kuti tsiku loyamba adzagwira pulayala, koma amapezeka ali pa desiki usiku, kakyuleta ili pambali, akulimbana ndi funso limodzi la masamu ozama otchedwa calculus lodzaza masamba awiri. Ngati masamu ndi fizikisi zimakusangalatsani, limbikirani maphunziro amenewa kuyambira teremu ino, osaiwala Chingerezi, chifukwa mabuku ndi malipoti a mu labu amalembedwa m'chilankhulo chimenecho.