Kutola nkhwangwa ndi mpini womwe

Eee, mphwanga, ndamva funso lako lija, loti agogo amatanthauza chiyani atauza mlamu wako kuti watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Samanena za nkhuni ayi.

Uyambe waiona nkhwangwa yakumudzi, osati za m'mashopu a kuno ku Joni. Ili ndi mbali ziwiri: chitsulo chimene wosula amasula, ndi mpini. Ukatola chitsulo chokha ntchito ikadalipo. Ukasake mtengo wolimba wokhala ndi mutu, uuseme, uume kaye. Kenako uwotche kumchira kwa chitsulocho pamoto mpaka kufiire, n'kumaboola nako mutuwo pang'onopang'ono, kangapo. Ukaika pamtengo wauwisi, ukamauma bowo limakula, chitsulo n'kumaguluka uli mkati modula. Ukachita phuma, mutu umang'aluka. Ndiye munthu amene waipeza panjira ili yoikaika, amangotola n'kuyamba kudula. Mwayi wake ndi umenewo: chinthu chathunthu, osakhetsa thukuta. N'chifukwa chake mawu oti "womwe" usamawasiye, mchere wake uli pamenepo.

Mlamu wako uja anapeza chipinda ku Rosettenville, dera lina la kuno ku Joni, mwini wake n'kumusiyira bedi, firiji ndi mbaula, lendi osakweza. Apo mawuwo akhala. Umangosintha koyambirira: watola, mwatola, ndatola, anatola.

Koma tamvera, si chaulere chilichonse. Mayi wogulitsa tomato akakuwonjezera awiri pamulu, imeneyo ndi mbasela, yomwe kuno ena amati pasella. Chimene anzathu kuno amati mahala ndi chaulere basi, ngakhale kapu ya madzi. Nkhwangwa ndi mpini imafuna chinthu chachikulu, chobwera mosayembekezera. Malipiro a pamwezi ayi, amenewo unagwirira ntchito. Foni ya R200 yokugulitsa munthu akuyang'ana uku ndi uku pafupi ndi renki ya maminibasi ya pa Bree, imeneyonso ayi, mwina mwini wake akulira kwinakwake, ndipo apolisi akaipeza m'thumba mwako mwambi sukuthandiza.

China, uziona pomwe uli. Munthu akalandira katundu wa malemu usayerekeze kunena mawu amenewa, zimamveka ngati akukondwera ndi maliro. Kwa akuluakulu uziti "mwatola", ndipo uzinena ukumwetulira, chifukwa ukaumitsa nkhope amva ngati ukuwachitira nsanje.