Kodi ndege yanga ndiikweze mpaka pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wophunzira wina wa ku Chanco kuno ku Zomba, yemwe amaulutsa ndege zoyerekezera pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa X-Plane. Analemba motere: "Achimwene, ndimaulutsa Boeing 737 ya Zibo pa X-Plane. Pafupifupi ulendo uliwonse ndimalemba FL370 chifukwa ndinamva kuti ndege zikuluzikulu zimauluka pamenepo. Koma Loweruka, pochoka ku Lilongwe kupita ku Chileka, kompyuta ya m'ndege inandilembera UNABLE CRZ ALT. Tsiku lina pa VATSIM wowongolera ndege anandikaniza FL350 popita ku Johannesburg. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, vuto lanu ndi loti mwakwatirana ndi nambala imodzi. FL370 ndi nambala yabwino ndithu, koma oyendetsa ndege enieni sayamba ndi nambala. Amayamba ndi ulendo, nambalayo n'kutulukira yokha.

Kwa amene sakudziwa, FL370 ndi mafiti 37,000 pa chida choyezera kutalika chikaikidwa pa 1013, muyezo wa kupanikizika kwa mpweya womwe onse amagwiritsa ntchito kumwambako. Ndikunena mafiti oyezera, osati anzathu a ndege ya lichero aja, omwe sapempha chilolezo kwa wina aliyense. Zibo ndi dzina la yemwe anakonza 737 yoyerekezerayo, UNABLE CRZ ALT ikutanthauza kuti ndege siingafike pa kutalika komwe mwalemba, ndipo VATSIM ndi malo a pa intaneti pomwe anthu enieni amawongolera ndege zoyerekezerazi.

Tiyambe ndi ulendo wanu wa Loweruka, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwa. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kufika pa Chileka ndi ma nautical mile (mamailo omwe oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito) pafupifupi 130 basi. Ndege ya jeti potsika imafuna mamailo atatu pa mafiti 1,000 aliwonse. Chileka ili pa mafiti pafupifupi 2,550, ndiye mukakhala pa 37,000 muyenera kutaya mafiti oposa 34,000. Chulukitsani 34 ndi 3, mupeza 102, ndipo muwonjezerepo mamailo ngati 10 ochepetsera liwiro. Mwatsala ndi mamailo osakwana 20, ndipo palibe 737 yomwe ingachoke pa mafiti 4,000 a ku Lumbadzi n'kufika 37,000 pa kamtunda kameneko. Kompyuta inachita masamu omwewa n'kukuuzani mwaulemu kuti sizitheka. Zili ngati munthu wochoka ku Matawale kupita kumsika waukulu n'kumati adzere kaye ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri.

Yesani FL210. Kutsika kukudyerani mamailo 55 kuwonjeza 10 aja, kukwera kutenga ngati 40, ndipo mutsala ndi kagawo koti muwongole msana musanayambe kukonzekera kutera. FL190 kapena FL230 nazonso sizikhala zachilendo. Ine paulendo umenewu ndimakonda kutenga Dash 8 Q400, yomwe nthawi zambiri siipitirira mafiti 25,000, chifukwa ndiye ndege yobadwira maulendo afupiafupi otere, ndipo Malawi Airlines imaigwiritsadi ntchito. Pansi penipeni napo musapakonde. Chigawo chathu cha kumwera ndi chamapiri: Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, kutanthauza mafiti pafupifupi 9,850, ndipo phiri lathu la Zomba limapitirira mamita 2,000. Onani pa tchati kutalika kochepetsetsa kololedwa pa njira yanu.

Mwina mwaona kuti manambala onse ndatchulawa ndi 19, 21, 23. Sindinangowatola. Apa ndi pomwe wowongolera wa pa VATSIM uja anakugwirani.

Kumwamba kuli lamulo lofanana ndi la pamsewu loti aliyense ayende mbali yake, kungoti kumeneko amasiyana kutalika. Njira yanu pa kampasi ikakhala pakati pa madigiri 000 ndi 179, ndiye kuti chakum'mawa, mumatenga manambala osagawika ndi 2 mukachotsa ziro wakumapetoyo: FL310, FL330, FL350, FL370, FL390. Ikakhala pakati pa 180 ndi 359, chakumadzulo, mumatenga ogawika ndi 2: FL320, FL340, FL360, FL380. Potero ndege ziwiri zoyang'anizana zimadutsana ina pamwamba ina pansi, pakati pali mafiti 1,000. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kumwera chakum'mawa, ndiye FL210. Pobwerera ndi FL200 kapena FL220. Johannesburg ili kumwera chakumadzulo kwathu, choncho FL350 yanu ija inali ya ndege zochokera ku Joni, osati zopita. Mumayenda kudzanja lamanja pa msewu wa Zomba–Blantyre, achimwene. Kupita ku Nairobi kapena ku Addis Ababa ndi kumpoto kopendekera pang'ono kum'mawa, ndiye FL350 kapena FL370 ndi zanu ndithu.

Chomwe chimawerengedwa ndi njira ya ndege pansi potengera kampasi ya maginito, osati komwe mphuno yaloza polimbana ndi mphepo. Komanso kusiyana kwa mafiti 1,000 kumeneku pakati pa FL290 ndi FL410 si kwakalekale. Dongosololi limatchedwa RVSM, ndipo kuno ku Africa linayamba mu 2008, pomwe ku Ulaya linayamba mu 2002. Mukapeza buku lakale kapena kanema wakale akunena kuti FL350 ndi ya opita kumadzulo, sakunama, akunena za nthawi imeneyo. Pamwamba pa FL410 kusiyana kukadali mafiti 2,000. Maiko ena monga Italy ndi New Zealand amagawa kumpoto ndi kumwera m'malo mwa kum'mawa ndi kumadzulo, ndiye mukapita kokayenda, onani kaye lamulo la eni mudzi.

Tsopano tinene kuti mukupita ku Johannesburg, mamailo oposa 700, mtunda ulipo wokwanira. FL340, FL360 kapena FL380? Apa woyankha ndi kulemera.

Kumwamba mpweya ndi wopepuka, ndege siilimbana nawo kwambiri, ndipo injini zimamwa mafuta ochepa. N'chifukwa chake aliyense amafuna kukwera. Koma mpweya wopepuka womwewo suthandiza mapiko kunyamula katundu. Buku limati 737-800 imafika mafiti 41,000, koma imeneyo ndi ndege yopepuka. Yodzaza anthu, masutikesi ndi mafuta siingakhale pamenepo mwamtendere. Wakabaza wopanda katundu amakwera chitunda akuimba mluzu, koma mumpatse matumba awiri a chimanga muone. Ndege yolemera ikakakamizidwa kukwera kwambiri, liwiro lomwe mapiko amalephera kuinyamula ndi liwiro lomwe siiyenera kupitirira zimayandikana. Pa sikirini mumaona timizere tofiira ndi tachikasu tikubwera kuchokera pamwamba ndi pansi, inu muli pakati ngati khoswe mumsampha. Kukhota pang'ono kapena kugwedezeka kwa mphepo, mwalowa m'mavuto.

Simukuyenera kulota nambalayi. Mukalowetsa kulemera ndi mafuta mu FMC, kompyuta ya m'ndege ya Boeing ija, tsamba la CRZ limakuonetsani OPT, kutalika koyenera kulemera kwanu, ndi MAX, malire omwe simuyenera kupitirira. Pa Airbus, monga A32NX ya FlyByWire pa Microsoft Flight Simulator, pitani pa tsamba la PROG mukaone OPT ndi REC MAX. Sankhani nambala ya mbali yanu yomwe ili pafupi ndi OPT. OPT ikati FL367 popita ku Joni, tengani FL360. Ine MAX sindiiyandikira, ndimasiya mafiti 1,000 kapena 2,000. Pa maulendo aatali ndege imapepuka mafuta akamatha, OPT n'kumakwera, ndiye oyendetsa amapempha kukwera mafiti 2,000 kuti akhalebe pa nambala ya mbali yawo: FL340, kenako FL360, kenako FL380. Pa ulendo wa maola awiri zimenezi sizofunika kwenikweni. Zimakoma pa Boeing 787 yochoka ku Addis Ababa kupita ku London, ngati magetsi angakuloleni kufika.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kunja kukatentha kuposa masiku onse, MAX imatsika. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamwamba pa South Africa pamawomba chimphepo champhamvu chochokera kumadzulo, ndipo nthawi zina kutsika mafiti 2,000 kapena 4,000 kumapulumutsa mafuta kuposa kukakamira pamwamba. M'dzinja, mitambo ya mabingu ija timaiona ikuunjikana cha ku Nyanja ya Chilwa masana imatha kupitirira mafiti 45,000. Musayese kuidumpha. Izungulireni patali.

SimBrief, pulogalamu ya pa intaneti yokonzera maulendo a ndege zoyerekezera, ndi yaulere ndipo imawerengera zonsezi, mphepo ya tsikulo ndi kulemera komwe, n'kukupatsani nambala. Igwiritseni ntchito, koma muziifunsa mafunso. Ikakupatsani nambala, onani ngati ikugwirizana ndi mbali yomwe mukupita, makamaka njira ikakhala yokhotakhota pafupi ndi madigiri 180 kapena 360, ndipo muiyerekeze ndi OPT ya ndege yanu.

Loweruka likubwerali bwerezani ulendo wa ku Chileka uja pa FL210. Musaiwale kuti pa 737 nambala yomweyo mumailembanso pa denga, pa FLT ALT, kuti mpweya wa m'kati mwa ndege ukhale bwino, ndipo pa LAND ALT, kutalika kwa bwalo lomwe mukatere, muike 2,550. Mukatera mundilembere, mundiuze mamailo omwe munayenda musanayambe kutsika.