Unfriend musaikhudze kaye, achemwali

Achemwali, batani la Unfriend lisiyeni kaye, ndapota nanu. Zolemba za alamu anuzo zikukutopetsani, inde, koma mawu amenewo ndi olemera kuposa ntchito ya batanilo. Pa Facebook aliyense ndi Friend: mayi okuberekani, wogulitsa usipa ku Makawa amene munangoonana kamodzi, onse dzina limodzi, mpaka anthu 5,000. Ndiye mukachotsa munthu, iye saganiza kuti mwangochepetsa phokoso pafoni. Amamva kuti chibale chatha. Facebook simudziwitsa, zoona, koma tsiku limene adzatsegule profile yanu n'kupeza Add Friend yabwereranso, nkhani idzafika kwa ankhoswe dzuwa lisanalowe.

Zopweteka kwambiri zimachitika m'magulu a banja pa WhatsApp. Kwagwa maliro, anthu akusonkha ya sanda ndi ufa, wachibale amene ali ku Johannesburg wafunsa kuti zasonkhedwa zingati ndipo akusunga ndani. Admin wapsa mtima. Pakati pa mauthenga opepesa pakungotulukira kamzere kaja: uje removed uje. Ana aona, apongozi aona. Chifukwa chake sichilembedwa, ndiye aliyense akupeka chake, ena mpaka kumati anadya ndalama. Munthuyo ali kutali, womwalirayo ndi mayi ake aang'ono, ndipo sangalembenso ngakhale liwu limodzi lodziteteza. Ma admin oterewa amandikwiyitsa kwabasi! Kupatsidwa batani si kulongedwa ufumu. Chikhala nkhani ndi phokoso, akanalowa mu Group permissions n'kuika Send messages pa ma admin okha kwa tsiku limodzi, wina osachita manyazi. Ndipo munthu akatuluka yekha, kuyambira 2022 amene amadziwitsidwa ndi ma admin basi, ngakhale dzina limakhalabe pa Past members masiku 60.

Timizere tabuluu ta pa WhatsApp tija, tinabwera mu 2014, nato tadanitsa anthu. Kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga sunafike, mwina netiweki yavuta ngati mmene zimakhalira kumbali za Makanjira. Tabuluu timangonena kuti chat yatsegulidwa, mwina ndi mwana amene amasewera ndi foni.

Tsono kwa alamu anuwo chitani izi. Tsegulani profile yawo, dinani Friends, sankhani Unfollow. Ubwenzi ulipobe, zolemba zawo sizikupezaninso. Ngati mukungofuna kupuma, timadontho titatu pa post yawo, Snooze, masiku 30. Ngati vuto ndi loti amajambula screenshot zanu n'kumatumiza kwa amuna anu, aikeni pa Restricted kudzera pa Edit Friend List: adzaona zokhazo zimene mwaika Public kapena zimene mwawachita tag. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amaika munthu pa Restricted koma post zawo zonse zili pa Public, ndiye palibe chabisika. Yang'anani kachizindikiro ka dziko, kotanthauza Public, pansi pa dzina lanu musanatumize.

Koma akayamba kukutukwanani pa comment anthu akuona, ayi, Block pompo, za ankhoswe mudzaziona mawa. Dziwani chabe kuti Block imachotseratu ubwenzi, mukadzachita Unblock mudzayenera kupemphanso Add Friend, ndipo kuti muwatsekenso mudzadikira maola 48.