Moto wa Bunsen burner ukamathawira m'kati

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake moto umalira n'kuthawira m'kati mwa chitoliro mukamayatsa Bunsen burner, choyatsira moto wa gasi cha mu labotale. Vuto ndi kabowo ka mpweya kam'munsi kaja: mukuyatsa kali kotsegula. Katsekeni kaye potembenuza kolala (kachitsulo kozungulira m'munsi mwa chitoliro), yatsani machesi, kenako tsegulani gasi. Osayamba ndi gasi ayi.

Patuluka lawi lachikasu. Tsegulani kabowoko pang'onopang'ono mpaka lisanduke labuluu. Pansonga pa kalawi kamene kamaoneka m'kati mwa lawi labuluulo ndi pamene pamatentha kwambiri, pafupifupi madigiri 1,500 a Celsius. Labuluulo masana silioneka bwino, ndiye mukasiya kutenthetsa libwezereni pachikasu, mukamachoka zimitsani.

Moto ukalowanso m'kati, tsekani gasi mudikire chitoliro chizizire, chimawotcha zala zedi. Paipi ya rabala ikang'aluka isintheni, ndipo botolo la spiriti likhale patali.