Za mawekishopu a olumala aja, yankho langa kwa inu mayi

Mayi, funso lanu ndaliona dzulo usiku koma bandulo inali itatha, manje ndiyankhe bwinobwino. Mwafunsa kuti mawekishopu amene mabungwe akunja amachititsa mumaloji muno mu Chipata, ati kuphunzitsa anthu za ufulu wa olumala, amathandiza chani poti mwana wa mng'ono wanu wosamva uja akadali pakhomo osapita kusukulu, ndipo opitako amangobwera ndi masikipa ndi alawansi. Ine ndine mmodzi wa amene amapitako, ndimayendera ndodo kuyambira ndili mwana chifukwa cha poliyo, ndiye ndikamba zomwe ndikudziwa.

Mkwiyo wanu sindikuutsutsa ayi. Alipo mawekishopu ongodyera ndalama, nkhope zomwezomwezo chaka ndi chaka, kusaina rejisita, kudya nkhuku ndi mpunga, kujambulitsa pansi pa bana basi aliyense kwawo. Ndinakhalapo pa ina ya nkhani za olumala yochitikira chipinda cham'mwamba, anzathu a pa njinga kuchita kunyamulidwa pa masitepe ngati matumba a chimanga, mkati monse Chizungu chokhachokha, womasulira chinenero cha manja kulibe. Tsiku limenelo mtima unandiwawa maningi. Koma vuto pamenepo ndi kachitidwe kake, maphunziro enieniwo ndi ofunika ndipo timawafuna, bola afike kwa munthu amene mwana wanu adzakumana naye pa kiliniki, pa polisi ndi mkalasi.

Chinthu chimene ambiri sadziwa ndi chakuti ndalama zimenezi si chifundo cha azungu chabe. Mu 2006 United Nations inavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, lija amati CRPD, Zambia inalowamo kwathunthu mu 2010, ndiye mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lathu la Persons with Disabilities Act, nambala 6, limene limapatsa mphamvu bungwe la boma loona za olumala la ZAPD. Mu pangano lija muli ndime 32, imakamba za kuthandizana kwa mayiko, kugawana luso, maphunziro ndi zipangizo, ndipo imanena poyera kuti mapulogalamu amenewo akhale oti olumala alimo ndipo atha kuwafikira. Ndime yomweyo imatinso thandizo lakunja silichotsa udindo wa boma lililonse kwa anthu ake. Ndiye munthu akakuchititsani wekishopu pamwamba pa masitepe waphwanya pangano lomwe lamubweretsa kuno, ndipo muli ndi mphamvu yomuuza m'maso.

Komanso ife a kum'mawa tisamaone ngati ndi zachilendo izi. Sukulu yoyamba ya ana osaona mu dziko lino inayambira kwathu konkuno ku Magwero mu 1905, anaiyambitsa ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, pambuyo pake kunabweranso ya ana osamva. Amishoni aja anapita kalekale koma masukulu alipo mpaka lero chifukwa luso linatsala m'manja mwa aphunzitsi athu, ndipo lero ambiri ophunzitsa ana otere amaphunzira ku koleji ya ZAMISE ku Lusaka. Thandizo lakunja labwino mumalidziwira pamenepo, mlendo akapita ntchito imapitabe.

Ndikupatseni chitsanzo cha njinga za olumala chifukwa ichi ndachiona pafupi. Kale zimabwera mukontena, zija za m'chipatala zamatayala ang'onoang'ono kutsogolo, saizi imodzi aliyense, amagawa pa bwalo ndi kuwomba m'manja. Muiike njinga yotero pa msewu wa kumudzi ku Chadiza kapena Vubwi nthawi ya mvula, sipatenga nthawi yathyoka ndipo sipeya kulibe. Choipa kwambiri ndi zilonda, munthu amene samva kuwawa kuchokera m'chiuno kupita pansi akakhala tsiku lonse pa mpando wopanda khushoni yoyenera amatuluka zilonda kumatako, zimalowa mkati mpaka fupa, ndipo anthu amafa nazo. Mu 2008 WHO, bungwe la za umoyo pa dziko lonse, inatulutsa malangizo a kaperekedwe ka njinga m'mayiko osauka, kenako maphunziro ake, kuti wopereka ayambe wamuyeza munthu m'chiuno ndi miyendo, afunse kumene amakhala ndi njira imene amayenda, amuphunzitse kudzikweza pang'ono pa mpando kuti magazi aziyenda, ndi kukonza yekha ikaonongeka. Wa fizio amene anaphunzira zimenezi mumamuona ndi tepi m'manja asanakupatseni kanthu. Amene akukhala pa njinga yomuyenera alibe sikipa ya wekishopu, koma phindu la wekishopu lili pa thupi lake.

Chimodzimodzi ma rampu. Makontrakita ambiri amangothira simenti pa masitepe ati tapanga rampu, yotsetsereka moti wokankha atasiya pang'ono munthu agwa chafufumimba. Muyezo wake ndi wakuti pa sentimita imodzi yokwera pafunika masentimita 12 a utali, ndiye khonde lokwera masentimita 30 rampu yake ikhale mamita atatu ndi theka ndi kupitirirako pang'ono. Wina aphunzitse zimenezi amisiri athu ndi makomiti a CDF, ndalama zija za chitukuko cha m'madera, amene akumanga makalasi ndi zipatala zazing'ono m'mawadi, muone ngati sizisintha.

Koma pamene pamandipweteka kwambiri ndi pa atsikana osamva, ndipo apa mumve bwino chifukwa zikukhudza mwana wanu. Mtsikana wosamva akachitidwa zoipa, pa polisi palibe wodziwa chinenero cha manja, ndiye amaitana wachibale kuti amasulire, nthawi zina wachibaleyo ndi amene akufuna nkhani ithere pakhomo, olo ndi mwini mlandu weniweni. Mwana akuloza ndi manja, akulira, womasulira ati akuti palibe chinachitika. Ku sikelo nakonso, mayi wosamva woyembekezera nesi amangomukuwira ngati kukweza mawu kuthandiza, mankhwala amwa molakwika. Ndime 13 ya pangano lija imatchula apolisi ndi a ndende kuti aphunzitsidwe, ndiye ine ndikamva kuti kwabwera ndalama za maphunziro funso langa loyamba limakhala lakuti mwa oitanidwa muli wapolisi wa ku Victim Support, muli nesi wa ku sikelo, muli nduna za mafumu zimene zimaweruza milandu kumudzi? Ngati mulibe ndiye mwaitana anthu olakwika. Ndipo wophunzitsa chinenero cha manja akhale munthu wosamva wa kuno, chifukwa manja a ku Zambia ndi osiyana ndi a ku America kapena ku Britain, mlendo sangatiphunzitse chimenecho, iye abweretse ndalama ndi njira zophunzitsira, aphunzitsi tili nawo.

Mwina muti kudziwa ufulu sikudyetsa munthu. Mu 2011 a Sela Brotherton m'malo mwa ZAFOD, chitaganya cha mabungwe a olumala, anatengera bungwe loyendetsa masankho ku High Court chifukwa malo ambiri ovotera anali osafikika kwa olumala, ndipo khoti linagamula kuti kumeneko kunali kusala. Anthu amene anachita zimenezo ndi olumala anzathu amene anakhala pansi kuphunzira malamulo mpaka kudziwa khomo logogoda. Ndipo sitili ochepa, kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti mwa akuluakulu 10.9 peresenti ali ndi ulumali, kutanthauza kuti mudzi ulionse tilimo, enafe timangobisidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera.

Ndiye mukamva wekishopu ina musangotukwana pa Facebook, funsani a khansala kapena okonzawo kuti ophunzitsa ndani, olumala alimo angati ngati aphunzitsi osati ongodzaza mipando, akamba Chinyanja kapena ayi, ndipo ikatha adzabweranso liti kudzaona ngati nesi uja akugwiritsa ntchito zimene anaphunzira. Okonza abwino mafunso amenewa amawakonda, odyera ndi amene amakwiya.

Za mwana uja musadikire wekishopu. Mng'ono wanu apite naye kuchipatala akamuyeze makutu apatsidwe kalata, kenako ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu m'boma lathu, afunse woona za maphunziro a ana olumala kuti amupezere malo ku Magwero kapena ku yuniti ya ana olumala pa sukulu ya pafupi. Apitenso ku Social Welfare akafunse za kulembetsa ku ZAPD ndi za Social Cash Transfer, chifukwa banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri likalowa mu pulogalamuyo limalandira zochulukirapo poyerekeza ndi ena. Ndipo pakhomo wina mmodzi ayambe kuphunzira manja pamodzi naye, olo inu amene mayi, chifukwa mwana akamakula osakhala ndi chinenero chilichonse zaka zimenezo sizibwerera. Mundilembere ku inibokisi mundiuze zaka zake ndi dera limene ali, ndikulumikizani ndi anzathu osamva amene amaphunzitsa makolo.