Marimu a dzimbiriwo musapite nawo ku Lilongwe

Achimwene, mwati marimu a pikapu yanu yonyamulira fodya adyeka ndi dzimbiri, penti yatukusira, ndipo mukuganiza zokawapoperetsa mchenga ku Lilongwe. Sungani ndalama ya thiransipotiyo. Ine ndimachita ntchito yochotsa dzimbiriyi ndi magetsi kuseri kwa nyumba konkuno ku Kasungu, ndi dramu, madzi, soda ndi chaja ya batire basi.

Pezani dramu la pulasitiki, osati lachitsulo, mulidule pakamwa kuti rimu ilowe yonse ndi kumira. Pa malita anayi aliwonse a madzi thirani supuni imodzi yaikulu ya washing soda. Mukamusowa m'magolosale a pa boma, soda wophikira therere yemweyu mumukazinge mumphika wouma kwa kanthawi, amasanduka washing soda. Mchere musayerekeze, umatulutsa mpweya wa chlorine womwe ndi poizoni.

Kenako zitsulo zoti zidyeke m'malo mwa rimu yanu. Zidutswa za ma Y12, zitsulo zolimbitsira konkiriti zija, zotsala pomanga nyumba ndi zabwino kwambiri. Ziimikeni mozungulira m'mbali mwa dramu, muzilumikize ndi waya pamwamba pa madzi, rimu muipachike pakati pa thabwa lopingasa. Zisakhudzane ndi rimuyo ngakhale pang'ono. Zitsulo za stainless ayi, zimasiya chromium woopsa m'madzimo.

Apa ndiye mumvetsetse: waya wakuda wa chaja upite ku rimu, wofiira ku ma Y12. Mukasemphanitsa, rimu yanu ndi imene idyeke. Ine ndinalakwitsapo ulendo woyamba ndi bulaketi ya bampala, m'mawa ndinaipeza yachita zibowo ngati sefa. Palani kaye ndi sandipepa pomwe mukumanapo wayayo kuti magetsi adutse, ndipo zopanira za chaja zikhale kunja kwa madzi. Mukayatsa, pakangopita mphindi zochepa muona tithovu tikutuluka pa rimu, ndiye kuti zayenda. Machaja amakono ena amakana kuyaka akapanda kumva batire. Zikatero lumikizani batire ya 12V pakati pa chaja ndi dramu. Ngati simunalumikize batire, magetsi akazima palibe chowonongeka, ntchito imangoima n'kudzapitirira akabwera.

Tithovuto ndi hydrogen, mpweya woyaka msanga. Dramu likhale panja pamphepo, kutali ndi mbaula, ndipo anyamata osuta aja muwauziretu.

Rimu ya dzimbiri lambiri ipatseni tsiku lathunthu kapena awiri. Mbali yoyang'anana ndi ma Y12 ndiyo imayera msanga, choncho muziitembenuza, chaja mutazimitsa, n'kupala ndi bulashi zonyansa zomwe zaunjikana pa ma Y12. Girizi muyambe mwamuchotsa ndi palafini musanaviike, chifukwa amatchinga.

Za penti ndisakunamizeni. Penti yakale yomwe dzimbiri lalowa kunsi kwake imafewa n'kumasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Yomwe inagwira bwino ku fakitale imatsalira m'malo ena, mudzapalabe ndi manja. Komanso pomwe dzimbiri linadya chitsulo pamatsala maenje, madziwo sabwezera chitsulo chomwe chinapita. Rimu ikakhala yopyapyala m'mphepete momwe mumakhala tayala, itayeni, musaike moyo wanu ndi mabelo anu pachiswe pa msewu wa ku msika wa fodya wa Chinkhoma.

Mukaitulutsa imakhala yakuda bii. Itsukeni ndi bulashi ya waya ndi madzi oyera, muiumitse padzuwa, mupake red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo. Mukati mupaka mawa, mudzaipeza yafiiranso, makamaka nthawi ya dzinja.

Masipuling'i, mabawuti a mawilo ndi zitsulo za chiwongolero musaviike, hydrogen amalowa m'zitsulo zolimbazo n'kuzichititsa kuthyoka mosavuta. Za aluminiyamu nazonso ayi, soda amazidya. Yambani ndi kabulaketi kamodzi kosadandaulitsa kuti muone mmene chaja yanu ikukokera, kenako muviike marimuwo imodziimodzi.